A Beira, amene anandibereka pa njinga yamoto

Tsiku limenelo tinalipo anthu asanu, ndipo ndiwatchula onse kuti wofuna kutsutsa adziwe koyambira. Panali ine Lufeyo Banda, amene mumandimva ndikamayimba m'tchalitchi ngakhale muli kutsidya kwa damu. Panali mkazi wanga NaChisale. Panali mwana wanga woyamba Yohane, ali kale ndi ndevu ndi banja lake. Panali Mai Tendai, mkazi wa mwini munda umene tinkagwirako maricho, ganyu uja. Ndipo panali a Zakeyu Mbewe, amene komboni yonse ya pulazi lathu kuno ku Darwendale inkawaitana a Beira. Mwa asanuwo NaChisale anatsogola, Mai Tendai anasamukira kutauni kwa ana, a Beira tawaika sabata yathayi. Tatsala ine ndi Yohane, ndipo Yohane ndi munthu wosalankhula. Ndiye ndalemba ndekha. Sukulu ndinalekeza koyambirira, cholembera ndimachigwira ngati khasu, koma abusa anandidula pakamwa kumanda ndisanathe, ndipo ine mawu anga sathera m'mimba.

A Mbewe anali aakulu kwa ine kwambiri. Pamene ine ndinkaphunzira kutola mbozi pa fodya, iwo anali kale makaniki wa mzungu wa pulazi lino. Anabwera kuchokera ku Dedza ali mnyamata, wapansi, ndipo sanabwererenso. Anali munthu wochepa thupi, wolankhula motsitsa, moti kuti uwamve umayenera kutseka pakamwa pako, chinthu chimene ine chimandivuta mpaka lero. M'thumba la jekete lawo simunkasowa sipanala yaing'ono, ngakhale pa Mgonero. Galimoto ikamadutsa kumsewu waukulu ankaimitsa khasu, n'kupendeketsa mutu, n'kunena chimene chikuidwalitsa. Poyenda, akafika pokhota njira, thupi lonse linkapendekera mkati mwa njirayo ngati munthu amene wanyamula chidebe cholemera mbali imodzi. Ana ankawatsanzira kumbuyo, ndipo iwo ankadziwa.

Dzina la Beira analitengera pa nkhani imodzi imene anaifotokoza moyo wawo wonse. Ankati kalekale, nkhondo zisanayambe, mwana wa mzungu uja ankachita mipikisano ya njinga zamoto, ndipo ulendo wina anawatenga kuti akamukonzere njinga ku Beira, m'mphepete mwa nyanja yamchere. Kumeneko kunali msewu wozungulira umene ankathamangitsirapo, mbali ina nyumba, mbali ina madzi. M'mawa mpikisano usanayambe, mnyamatayo anawauza kuti azungulire kamodzi pang'onopang'ono, injini itenthe. Iwo anazungulira kamodziko pang'onopang'ono monga anauzidwa. Atafika poyambira paja dzanja linakana kutseka moto. Anapitiriza, n'kumangozungulira, liwiro likukwera, mpaka munthu wina anaima pakati pa msewu ndi mbendera. Mwana wa mzunguyo anawamenya khofi pamaso pa anthu. Ankati khofi limenelo ndi lotchipa kuposa chilichonse chimene anagulapo.

Nkhaniyi ankaifotokozera kuseri kwa balani yakale ya fodya, atakhala pa mpando wachitsulo wa thirakitala umene anaukhomera pa chitsa. Ankasesa pansi ndi phazi, n'kutenga kamtengo, n'kujambula msewu wonse pa dothi. Pokhota paliponse anali atapapatsa dzina. Panali pa Nsomba, pomwe fungo la nsomba zoyanika limakumenya m'mphuno. Panali pa Mchenga, pomwe mphepo imamwaza mchenga pa tala ndipo tayala limavina. Ndiye panali pa Madzi Okhaokha, pomwe msewu umalunjika m'nyanja ngati ukukuponya momwemo, n'kukhota mwadzidzidzi. Pamenepo ankati munthu akayang'ana madzi amakalowa m'madzi, chifukwa njinga imapita kumene maso apita. Ankatinso liwiro umalichepetsa usanafike pokhota, ukalowamo mabuleki ndi mdani wako.

Ine sindinkakhulupirira, ndipo sindichita manyazi kunena. Munthu wolankhula za nyanja ali pakati pa minda ya fodya ayenera kufunsidwa.

"Akulu," ndinkatero, "nyanja imeneyo munaionadi, kapena munailota mutakhuta mowa wa chikokiyana?"

"Iwe Lufeyo," ankayankha osakweza ndi mutu womwe, "pakamwa pakopo pakanakhala injini, bwenzi komboni yonse itafika ku Dedza osathira mafuta."

Anali ndi botolo la madzi a m'nyanja, mchenga uli pansi pake, limene ankalisunga kunsi kwa bedi. Chaka china akuluakulu a mpingo anamva za botololi n'kuganiza kuti ndi mankhwala. Anapita kukawafunsa, ine ndili nawo. A Beira anatulutsa botolo, n'kuuza aliyense kuti anyambite chala. Onse anavomera kuti ndi mchere chabe. Ine ndinati mchere uli pa golosale, mchenga uli kumtsinje, aliyense angathe kupanga nyanja yake. Sanandilankhule mpaka tinakolola chimanga.

Musaganize kuti tinali adani. Kuno tinatengera kwa Ashona mwambo wa usahwira: umakhala ndi bwenzi limene mumanyozana momasuka muli moyo, ndipo mmodzi akafa winayo ndiye amamusambitsa, kumuika, ndi kuseketsa anamfedwa. Ife obwera, amene abale athu ali kutali, mwambo umenewu unatikwana ngati nsapato. A Beira anandisankha ine ndili mnyamata, ati pamaliro pawo pakufunika munthu woti sadzafuna chimkuzamawu.

Tinkakangana pa zambiri. Pa moto wa m'balani, iwo ankati ndimaukweza msanga ngati mmene ndimayambira nyimbo. Pa zobwerera ku Malawi, ine wobadwira kuno ndinkati tsiku lina tidzapita tonse, iwo obadwira komweko ankati amene ankawadziwa dzina ali pansi, apitirenji. Atagawidwa mapulazi, mzungu n'kuchoka ndi makina ake, a Beira anatsala ndi sipanala yokha ija, n'kumalima maricho ngati ife tonse. Kenaka anyamata a m'minda yatsopano anayamba kugula njinga zamoto akagulitsa fodya, zija kuno timati midhudhudhu, n'kumabwera nazo kwa iwo zikavuta. Ankakonza bwino, koma mnyamata akabwera akununkha mowa, ankachotsa pulagi n'kuika m'thumba, n'kumuuza kuti abwere mawa ndi amayi ake. Ena anawatukwana, wina anawaopseza ndi apolisi. Pulagi sinkatuluka. Koma iwo eni kukwera ayi. Akamaliza kukonza ankangoiliza ili chiimire, n'kumvetsera. Ine ndinkati mwaona, munthu wa Beira uja amaopa ndi kukhalapo komwe.

Tsopano tsiku lija. Inali nthawi yowotcha fodya, mvula itagwa m'mawa wonse. Ine ndi Yohane tinkadula bulugamu wa nkhuni za balani ya a Mai Tendai. Mtengo unali wonyowa, nkhwangwa inaterereka n'kundilowa m'mwendo, pansi pa bondo. Ndinaona magazi akutumpha ngati paipi yobooka. Yohane anavula lamba n'kundimanga pamwamba pa bala, n'kundinyamula mpaka pabwalo la Mai Tendai. NaChisale ndi a Beira anali pomwepo, akumanga fodya pa timitengo. Magazi anachepa koma sanaleke. Chipatala chili kutsidya kwa damu, ndipo msewu wake umatsata m'mphepete mwa madzi, wokhotakhota. Galimoto panalibe, bambo a pakhomopo ndi mwana wawo Tendai anali atapita nayo kutauni. Ngolo ya ng'ombe ikanandifikitsa ndili mtembo. Chimene chinalipo ndi njinga yamoto ya Tendai, yatsopano, itaima pakhonde. Yohane nthawi imeneyo sankadziwa kuyendetsa.

Mai Tendai analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kiyi. Anayang'ana a Beira, nkhalamba ya imvi mutu wonse, n'kuwafunsa mwa ulemu wa Chishona.

"Sekuru, mungathe?"

"Ya mwana wanu ndi yatsopano, mai. Msewu ndi matope."

"Ikasweka isweke. Tengani."

Anandikweza kumbuyo. A Beira anati ndiwagwire m'chiuno. Ine ndinati sindinagwirepo mwamuna mnzanga m'chiuno, ndipo sindiyamba lero pamaso pa mkazi wanga. Ndinagwira chitsulo chakumbuyo, msana uli chilili ngati mkulu wa mpingo amene ndili. Tinanyamuka. Pokhota poyamba pali pafupi, pa mjigo. Njinga inapendekera kumanzere, ndipo ine nditaona nthaka ikubwera ndinachita zimene munthu aliyense wanzeru angachite: ndinakankhira thupi langa lonse kumanja kuti ndiiwongole. Ine ndine munthu wamkulu thupi. Njinga inagwedezeka, inakana kukhota, n'kukalowa m'chimanga cha eni ake. A Beira anaigwira ndi miyendo, sitinagwe, koma injini inazima.

Atatu aja anafika akuthamanga. A Beira sanakalipe. Anatembenuka n'kulankhula ndi mawu awo apansi omwe aja.

"NaChisale, vula chitenje chapamwambacho. Um'mange munthu wakoyu kumsana kwanga ngati khanda. Akandithandizanso kuyendetsa, tifera pa mjigo pano tonse awiri."

"Ine?" ndinatero. "Ine Banda, pa chitenje?"

"Khalani chete, bambo a Yohane," anatero NaChisale, akumasula kale. "Ana anu onse ndinawamanga chonchi, palibe anagwa."

Chinali chitenje chobiriwira cha maluwa achikasu. Anachipititsa kumsana kwanga ndi m'khwapa, n'kukamanga mfundo pa chifuwa cha a Beira, Mai Tendai akukoka mbali ina. Anamanga zolimba moti tsaya langa linakanikizika pa phewa la nkhalambayo, mimba yanga pa msana wawo. Kudziwongola sikunathekenso. Kumene iwo apendekera, ine ndapendekera.

"Tsopano yimba," anatero akuliza injini.

"Ndiyimbe chiyani, ndikufa ine?"

"Iliyonse. Kutsogolo kuno sindikuona. Ukasiya ndidziwa kuti wapita, ndichepetse liwiro, ndisavutitse njinga ya mwana wa eni."

Ndinayamba nyimbo ya m'buku, ija timayimba potuluka. Ndipo njinga inanyamuka mwa mtundu wina. Ndakwerapo malole, ndakwerapo makombi a madalaivala amisala, koma chinthu chimenechi sindinachionepo. Mitengo inasanduka mpanda umodzi. Mphepo yochokera padamu inkandilowa m'kamwa n'kubweza nyimbo kukhosi. Kudzanja lamanzere madzi, kudzanja lamanja minda, pansi matope ofiira akuthovukira m'miyendo.

Chimene ndikufuna mumve ndi ichi. Popeza ndinali womangidwa, zonse zimene a Beira ankachita ndinkazimva m'chifuwa mwanga zisanachitike. Tikamayandikira pokhota, msana wawo unkauma, njinga n'kudzikoka ngati ng'ombe yogwidwa chingwe. Kenaka msana unkafewa, tonse n'kugona chammbali mpaka udzu kundikwapula phazi. Tisanatuluke n'komwe, injini inkabangula, ife n'kudzuka tokha. Palibe pamene anachita mwadzidzidzi. Munthu amene ankavutika kudzuka pa mpando wa thirakitala uja, pa njinga anali ngati madzi m'ngalande.

Tinadutsa pomwe asodzi amayanika nsomba zawo m'mbali mwa msewu, fungo n'kutimenya. Ndinamva akunena chakutsogolo, "Pa Nsomba." Patsogolo pake mvula inali itakokolera mchenga mumsewu, tayala lakumbuyo linavina uku ndi uku, iwo osagwira mabuleki, n'kungoti, "Pa Mchenga." Apo ndiye mutu unayamba kundizungulira, maso kuchita mdima, nyimbo n'kutsikira pansi. Ndinamva chigongono m'nthiti.

"Mawu ake ndi omwe aja amatigonthetsa Lamulungu lililonse? Kweza, Lufeyo. Akumve NaChisale."

Ndinakweza. Ndinakweza chifukwa cha ukali, osati mphamvu.

Ndiye pali malo ena pomwe msewu umatsetsereka kulunjika m'damu, n'kukhota pafupi ndi madzi penipeni. Amene mumapita kuchipatala mukupadziwa, pamene ngolo zimatsika anthu atagwira ng'ombe pamphuno. Ndinasuzumira pamwamba pa phewa lawo, ndipo kutsogolo kunalibe msewu, kunali madzi okhaokha. Thupi langa lonse linafuna kudziponya kumbali, koma chitenje chinakana. Ndinayang'ana mutu wa a Beira. Sunayang'ane madzi ngakhale pang'ono, unali utatembenukira kumanja, kumene msewu ukupita. Tinagona. Ndinaona madzi ali pamwamba pa khutu langa, mbalame zoyera zikuuluka. Tinadzuka tili mumsewu. Pamenepo ndinamva nthiti za nkhalambayo zikugwedezeka pa chifuwa changa, ndipo ndinayesa akulira. Ankaseka.

Kuchipatala anamwino anathamanga ndi sizasi kuti adule chitenje, poti mfundo ya NaChisale inali itauma ndi kukokedwa. A Beira anakana, ati nsalu ya mkazi wa mwini sidulidwa. Anatulutsa sipanala ija, n'kuilowetsa mu mfundo, n'kuimasula. Zotsatira sindikuzidziwa, ndinadzuka atandisoka. Mwendo ndinatsala nawo, ngakhale umakoka. Moyo ndinatsala nawo. Adzukulu anga onse amene anabadwa pambuyo pake ndawanyamula ndi manja anga.

Yohane anandiuza kuti a Beira anabwerera dzuwa likupendeka, akuyendetsa pang'onopang'ono ngati akuperekeza mkwatibwi.  Anatsuka njingayo mpaka masipoko, n'kubweza kiyi kwa Mai Tendai ndi manja awiri. Sanakwerenso njinga yamoto mpaka imfa yawo. Yohane atagula yake, anamuphunzitsa ali pa mpando wa thirakitala, ndi kamtengo, pa dothi.

Za Beira sindinafunsenso. Pakamwa pamanama, botolo likhoza kunama, koma msana umene ndinagonapo tsiku lija sunaphunzire zimenezo m'minda ya fodya. Sindinawauze kuti ndakhulupirira, ndipo iwo sanandifunse. Anangopeza chida chatsopano. Pamsonkhano wa mpingo kapena wa komboni, ndikangoimirira n'kuyamba kukweza mawu, ankatembenukira kwa amayi n'kufunsa mofatsa, "NaChisale, chitenje chija chili pafupi?" Anthu ankagwa ndi phwete, ine n'kukhala pansi. Palibe munthu wina pa dziko lino amene anandikhazikapo pansi. Ngakhale NaChisale atamwalira, chitenjecho chili m'sutikesi mwanga, ankafunsabe, kungoti motsitsa, tili awiri.

Anamwalira ali m'tulo, masana, atatsamira khoma la nyumba yawo. Mkazi wawo anapita kale, mwana wawo mmodzi ali ku Joni, ndiye zonse zinagwera ine sahwira wawo. Ndinawasambitsa. Ndinavala jekete lawo, lothina m'mapewa, n'kuzungulira pabwalo la maliro ndikupendekera pokhota paliponse, ndikuchotsa mapulagi a njinga za anyamata amene anabwera, mpaka amayi olira anayamba kuseka misozi ili m'masaya. Sipanala ndi botolo ndinaziika m'bokosi.

Bokosi tinalikweza pa ngolo ya ng'ombe. Ndinawauza kuti akulu, lero muyenda liwiro la anthu. Njira ya kumanda imadutsa pa mjigo paja, ndipo titafika pokhota, ngolo inapendeka, bokosi n'kuyamba kutsetsereka. Anyamata analigwira. Ndinaimitsa ng'ombe. Chitenje chija ndinali nditachitenga, ndinachikulunga m'chiuno mkati mwa jekete, osadziwa bwino kuti ndikachita nacho chiyani. Ndinachimasula, n'kuchizunguliza pa bokosi, n'kumanga ku chitsulo cha ngolo. Akale amene ankaidziwa nkhani anaseka, kenaka anasiya. Kumanda, bokosi litatsika, ndinachiyala pamwamba pake dothi lisanagwe.

M'mawa mwake ndinapita kuseri kwa balani yakale. Denga lake linachoka kalekale, njerwa anthu akuzitola imodziimodzi. Mpando wa thirakitala ulipo pa chitsa chake, pakati pake posalala ndi kukhalidwa, m'mphepete mwa dzimbiri, timadzi ta mvula titadikha m'mabowo. Kamtengo kali potsamira khoma, nsonga yake yakuda. Pansi pomwe ankasesa ndi phazi ndi polimba ngati pabwalo lopunthira, udzu sunamerepo. Msewu womaliza umene anajambula mvula yafufuta, nkhuku zapalasa, kwangotsala kamzere kamodzi kokhota. Ndinayesa kuona ngati ndi pa Nsomba kapena pa Madzi Okhaokha, koma sindinathe kudziwa. Kumsewu waukulu kunadutsa lole ikutsokomola, ndipo panalibe wonena chimene ikudwala.

Ndinaima pamenepo mpaka mwendo unayamba kuwawa. Kenaka ndinamva mudhudhudhu kumbuyo kwanga. Anali Yohane. Iye akudziwa kuti chichokere tsiku lija sindinakwerepo njinga yamoto, yake yomwe ndimaikana. Anazimitsa injini, n'kuyang'ana mpando, n'kuyang'ana mwendo wanga, n'kusendera kutsogolo kuti kumbuyo kutsale malo.

"Kwerani, baba, ndikakusiyeni kunyumba. Koma mundigwire m'chiuno, ndipo ndikapendeka mupendeke nane. Chitenje chija mwakwirira dzulo, palibenso chokumangirani."